Mphumu, mapiritsi obwereka ndi mlamu wanga Hezekiya

Abale ndi alongo amene timalimbikitsana pagulu lino, landirani moni kuchokera kuno kufupi ndi Santhe, kumene fungo la fodya silichoka m'zovala chaka chonse. Ine ndine bambo Mwale, mlimi wa fodya. Amene amandidziwa adabwa kuona dzina langa pano, chifukwa sindine munthu woimirira kutsogolo n'kumagwetsa misozi. Ndine wamtima wapachala, ndipo ndikafuna kunena chinthu sindizungulira. Koma chaka chino mphumu inatsala pang'ono kundipha, ndipo Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa munthu amene ine, akanati ndisankhe ndekha, sindikanamusankha. Ndiye ndati ndilembe.

Kwathu kwenikweni ndi ku Kapelula, koma ndimakhala kwawo kwa akazi anga, amake Alinafe, monga mkamwini. Chigafa chowumitsiramo fodya ndinamanga ndine, nyumba ya malata ndinamanga ndine, koma dothi limene zaimapo si langa. Mwa mwambo wathu mwini mbumba ndi mchimwene wa akazi anga, Hezekiya. Ana amene ndinabereka ine, nkhani zawo zikuluzikulu zimadikira iye.

Hezekiyayu tinali kalasi imodzi ku sekondale, ndipo Bayoloje ndinkamuposa. Aphunzitsi akati tijambule selo, kanthu kosaoneka ndi maso kaja kamene kamamanga thupi lonse la munthu, iye ankabweretsa kope lake kwa ine, chifukwa yake inkatuluka ngati mbatata yopindika. Koma zotsatira za Fomu 4 zitatuluka, masamu anandigwetsa. Iye anamusankha kupita ku yunivesite, ine ndinabwerera kukhasu. Anapitirira mpaka kunja, ndipo lero amagwira ntchito mu labotale ku Joni. Amamutchula kuti Dokotala, chikhalirecho sanabayepo munthu jekeseni.

Chaka china atabwera kudzacheza ndinamufunsa kuti kwenikweni amadyera chiyani. Anati amafufuza maresepita. Anafotokoza kuti selo iliyonse ili ndi kachikopa kopyapyala koikuta, ndipo pakachikopapo pali timalo tolandirirapo mauthenga, tomwe ndi maresepitawo. Mankhwala ambiri, anatero, amagwira ntchito akafika patimalo timeneti. Ntchito yake ndi kulera maselo m'timbale, kuwathira zinthu zosiyanasiyana, n'kumaona kuti ndi chiti chagwira pati, kuti mwina tsiku lina padzatuluke mankhwala atsopano. Ndinamufunsa kuti wapezapo kale angati. Anaseka, nati palibe ngakhale amodzi amene afika m'manja mwa wodwala. Yankho limenelo linandikomera kuposa nkhuku imene tinkadya tsikulo. Ndinalisunga, ndipo tsiku la msika ndinkaligawira aliyense wondimvera. Ndinkati ine chaka ndi chaka ndimatulutsa mabelo, alamu anga akulera timbale.

Chimene chinkandiwawa kwambiri si galimoto yake. Ndi mwana wanga Alinafe, amene ali Fomu 3. Pafoni ya amake anaikapo chithunzi cha atsibweni ake atavala jasi loyera. Akakhoza mayeso, woyamba kumva ndi atsibweni. Akafuna kusankha maphunziro, wofunsidwa ndi atsibweni. Tsiku lina ananena pamaso panga kuti akufuna adzakhale ngati atsibweni, ine nditakhala pomwepo, manja ali bii ndi utomoni wa fodya amene amamulipirira sukulu. Ndinatuluka n'kukakalipira ng'ombe zosalakwa.

Tsopano za matendawo. Mphumu inandiyamba zaka zingapo zapitazo, ndipo kuchipatala anandipatsa inihela, kabotolo kopopera m'kamwa chifuwa chikatsekeka. Inkandigwirira bwino. Ndikapopera, ndisanamalize n'kuitseka komwe, mpweya unkakhala utabwerera. Chaka chino fodya anachita bwino, ndiye ntchito yosankha masamba inatenga nthawi yaitali. Amene sanakhalepo m'chigafa nyengo yosankha fodya sadziwa fumbi. Limalowa m'maso, m'makutu, mpaka malovu amasanduka ofiirira. Kuphatikiza ndi mphepo yozizira ya mu Juni, chifuwa changa chinayamba kutsekeka tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkapopera pafupipafupi kuposa mmene anandilangizira. Pasanapite nthawi mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, manja kumanjenjemera moti kumanga ndindi, kamtolo ka masamba a fodya, kunkandivuta.

Mnzanga amene timasankhira limodzi fodya ndi a Kamtedza, a nyumba yoyandikana nafe, munthu wabwino mtima kwabasi. Iwo ali ndi bipi ndipo amalandira mapiritsi kuchipatala. Ataona manja anga anapukusa mutu.

"A Mwale, imeneyo ndi bipi, yabwera ndi ukali wanuwo," anatero. "Imwani awa. Mtima ukhala pansi ngati mwana wokhuta."

Musawaweruze a Kamtedza. Kuno timabwerekana chilichonse. Jeke yodindira mabelo imayenda khomo ndi khomo, mpope wopopera mbewu chimodzimodzi, feteleza timapungulirana. Ndiye piritsi ndi chiyani? Ndinamwa, ndipo anagwiradi ntchito. Mtima unakhazikika, manja anasiya kunjenjemera, ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mnansi wotere. Iwo anandipatsanso ena oti ndizisunga m'thumba.

Koma kuyambira sabata imeneyo inihela inasanduka chidole. Ndinkapopera ngati ndikupopera mphepo. Ndinaganiza kuti yatha mphamvu, ndinatuma munthu kukagula ina, nayonso chimodzimodzi. Ndikapopera kambirimbiri mtima unkayamba kuthamanga, ndiye ndinkameza piritsi. Ndikameza piritsi chifuwa chinkathina, ndiye ndinkapoperanso. Ndinkazungulira pomwepo ngati mbuzi yapachingwe, koma sizinandibwerere m'mutu kuti zinthu ziwirizi zikulimbana m'thupi mwanga. China ndi cha mtima, china ndi cha chifuwa, ndinkatero, zikumana pati?

Ndinafika poti kuchoka panyumba kukafika kuchigafa ndinkapumira panjira. M'chifuwa munkalira ngati muli wezulo. Kutchalitchi ndinasiya kuimba, ine amene besi yanga imamveka mpaka panja, ndinkangoyendetsa milomo. Amake Alinafe anandichonderera kuti tipite kuchipatala, koma ndinakana. Ndinkadziwa kuti akandigoneka, ndipo mabelo anali asanapite ku okushoni. Kenako analakwitsa, anafunsa ngati angawaimbire achimwene awo. Mpweya wochepa umene ndinali nawo ndinauthera pamenepo. Ndinawauza kuti ndikafa akandiike ku Kapelula, koma matenda anga asamveke ku Joni. Ndinayambanso kukayikira anthu a m'mudzi kuti wina wandichita chipongwe chifukwa cha fodya wanga. Munthu wansanje amaona ngati aliyense akumuchitira nsanje.

Tsiku lina masana ndinatsala ndekha m'chigafa. Ndinafuna kugwada koma ndinadziwa kuti ndikagwada sindidzuka, ndiye ndinakhala pabelo. Pemphero langa linatuluka modukaduka, chifukwa mpweya sunkakwanira chiganizo chathunthu. Ndinati, Ambuye, ndatopa. Ndipatseni mpweya. Tumizani aliyense. Ndinanena kuti aliyense, koma mumtima mwanga munali munthu mmodzi amene sindinamuwerengere m'mawu amenewo.

Mwezi womwewo kunali mwambo woonetsa chiliza cha apongozi anga aakazi, mayi ake a Hezekiya ndi akazi anga. Hezekiya anabwera, poti ndiye amene anayenera kulankhula m'malo mwa banja kumandako. Galimoto itaima, Alinafe anathamanga kukalandira chikwama chake. Ine ndabwera kangati kuchokera ku okushoni, fumbi lili thupi lonse, iye osandilandira ngakhale chipewa? Hezekiya anandigwira dzanja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, mwaondatu. Fodya wayamba kukudyani m'malo moti inu mumudyere?"

"Ife timaonda ndi ntchito, alamu," ndinamuyankha. "Timbale sitilemera."

Anthu anaseka poyesa ndi chilamu basi, koma ine sindinkaseka.

Pa tsiku la mwambo, ntchito ya mkamwini imadziwika. Eni mbumba amakhala kutsogolo, ife timanyamula mabenchi, kuwaza nkhuni ndi kusenda mbuzi. Akazi anga anandiuza kuti ndikhale pansi, anyamata alipo. Koma ndinaona Hezekiya atavala suti, akulu a mpingo atamuzungulira, Alinafe ataima pambali pake ngati ndiye bambo ake, ndipo mtima unayamba kugunda. Ndinameza piritsi lina pamwamba pa limene ndinamwa m'mawa, ndinasenza benchi paphewa kuti aliyense aone kuti pakhomo pano mwamuna alipo.

Sindinafike nalo kumanda. Pakati panjira chifuwa chinatsekeka ngati wina wachimanga ndi waya. Ndinagwetsa benchi, ndinakhala pansi, ndinapopera, ndinapoperanso, palibe. Mpweya wolowa unali ngati ukudutsa m'kaudzu. Akazi anga amati milomo yanga inatuwa ngati phulusa. Anthu anandizungulira, ena akupemphera, ena akundikupiza ndi zitenje, wina akuti andimwetse madzi. Ine ndinkaona mapazi awo okha, ndipo ndinadziwa kuti ndikupita. Chimene chinandibwerera m'mutu, Mulungu andikhululukire, n'chakuti pamaliro anga wolankhula adzakhalanso Hezekiya.

Ndiye ndinaona maondo a suti akugwada m'fumbi. Hezekiya anatola inihela, n'kutolanso kapepala ka mapiritsi kamene kanagwa m'thumba langa potulutsa inihelayo. Anawerenga dzina lake, nkhope inasintha. Anafunsa kuti mapiritsiwo anandipatsa ndani, ndipo a Kamtedza anayankha kuti ndi awo a bipi. Sanawakalipire. Anangouza amuna kuti andinyamule andilowetse m'galimoto. Ndinayesa kumukankha ndi dzanja.

"Mudzandinyoze mukachira, alamu," anatero. "Panopa khalani chete."

Anasiya chiliza cha mayi ake chili chophimbidwa ndi nsalu, abusa atafika kale, abale ochokera kutali atakhala pansi. Anayendetsa galimoto mpaka kuchipatala ku boma, akazi anga atandikhazika tsonga kumbuyo, akuimba nyimbo motsitsa chifukwa mawu opempherera anali atawathera. Titafika, chinthu choyamba chimene anachita ndi kupereka kapepala ka mapiritsi kaja kwa adokotala. Ndinamumva akunena kuti iye si dokotala wa odwala, koma bambo awa ali ndi mphumu ndipo akhala akumwa awa. Adokotala atawerenga sanafunsenso zambiri. Anandiika pa oksijeni, anandibaya, anandiveka chophimba kukamwa chotulutsa nkhungu ya mankhwala. Mpweya sunabwerere kamodzin'kamodzi. Unabwera ngati madzi a pamjigo umene wakhala osapopedwa, pang'ono, kenako pang'ono pena. Koma unabwera.

Mawa lake masana Hezekiya anabwera kudzandiona. Anakhala pampando wa pafupi ndi bedi, ndipo poti ndinalibe kothawira, ndinamufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anayamba ndi kundikumbutsa za kachikopa ka selo kaja. Anati pamaselo a m'njira za mpweya pali maresepita, ndipo ndiwaone ngati mipando ya pakhomo yolandirirapo alendo. Mankhwala a mu inihela ndi mlendo wobwera ndi uthenga. Akakhala pampando amanena kuti masukani, ndipo njira za mpweya zimatseguka. Mipando yofanana nayo ilinso pamtima, n'chifukwa chake munthu akapopera mopitirira muyezo mtima umathamanga ndipo manja amanjenjemera. Kunjenjemera kumene a Kamtedza anakuona kunali kwa inihela yomweyo.

Mapiritsi aja, dzina lawo lolumitsa lilime lakuti puropuranololo, anapangidwa kuti akakhale pamipando ya pamtima osanena kanthu, kuti mtima usamve mauthenga oufulumizitsa. Kwa munthu ngati a Kamtedza, amene alibe mphumu, ndi mankhwala abwino. Vuto lake sasankha mpando. Amakakhalanso pa ya m'chifuwa.

"Ndiye mlendo wanu uja amafika ndi uthenga wake," anatero Hezekiya, "n'kupeza pampando pali kale munthu. Salankhula, sachokanso."

"Ngati inu pakhomo panga," ndinatero.

Anaseka mpaka anamwino anatembenuka. "Mwachira, alamu."

Anandiuzanso kuti ena mwa mankhwala amene adokotala anandipatsa anadzera pamipando ina imene mapiritsi aja sakhalapo, ndipo ndiwo anathandiza kutsegula chifuwa. Ntchito yake yonse, anati, ndi imeneyo, kudziwa kuti mipandoyi ilipo ya mitundu yanji, yaumbidwa bwanji, ndi kufunafuna mankhwala oti akakhale pampando umodzi wokha osasokoneza ina. Ilipo resepita ina, anatero, imene dzina lake linachokera ku chikonga cha m'fodya wanga yemweyu. Kenako ananena mawu amene sanandichoke mpaka lero. Anati amene anapeza mankhwala a mu inihela yanga nawonso anali anthu a m'labotale ngati iye, ndipo anzawo ambiri anakalamba osapeza kanthu, koma zimene analephererazo ndi zimene zinaonetsa ena njira. Sananene monditonza. Sindikudziwa ngati nthabwala zanga za pamsika zinamufika. Ine ndinangoyang'ana kudenga.

Ndinamufunsa za chiliza. Anati akulu anadikira, kenako anavundukula iye kulibe, wolankhula anali msuweni wawo. Munthu anachoka ku Joni kubwerera mwambo umenewo, ndipo sanauone. Akazi anga anandiuza kuti abale ena anang'ung'udza kuti akanatuma wina kuyendetsa galimoto. Hezekiya anawayankha kuti amayi ali pomwepo, sachoka, amene ankachoka ndi alamu.

Tikucheza choncho, Alinafe analowa ndi amake atanyamula chakudya. Anafuna kumva zonse, ndipo Hezekiya anatenga pepala kuti amujambulire selo ndi mipando yake. Abale, zaka zonsezi za sukulu, mpaka kunja, chimene chinatuluka ndi mbatata yopindika yomwe ija. Anachiyang'ana, n'kundipatsa cholembera.

"Funsa bambo ako," anauza Alinafe. "Ndiwo ankandijambulira ku sekondale. Bayoloje m'kalasi mwathu analibe mnzawo."

Ndinajambula dzanja lili ndi diripi. Kachikopa, zam'kati mwake, zonse zinabwerera ngati ndasiya dzulo, ndipo Hezekiya anangowonjezera timipando take m'mphepete. Alinafe anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. Anati, "Ababa, bwanji simunandiuzepo?" Hezekiya anachedwa nawo mawu ondiyamikira aja zaka zambirimbiri, koma ananena, ndipo ananena pamaso pa mwana wanga.

Ndisanatuluke m'chipatala adokotala anandiyeza bwinobwino. Bipi ndili nayodi pang'ono, ndipo anandipatsa mankhwala ena osalimbana ndi chifuwa. Anandipatsanso inihela yachiwiri yopopera tsiku lililonse kuti mphumu isamayambe, n'kundilamula kuti m'chigafa ndizilowa nditaphimba mphuno ndi pakamwa. A Kamtedza anabwera kunyumba misozi ili m'maso, ndipo ndinawauza kuti palibe mlandu, anandipatsa chimene iwo chimawathandiza. Ndiwonso anatsogolera amuna a m'mudzi, omwe aja ndinkawakayikira, kudinda mabelo anga ine ndili chigonere. Jeke timabwerekanabe. Mapiritsi ayi.

Sindikunamizani kuti nsanje inatha. Chithunzi cha jasi loyera chikadali pafoni ya amake Alinafe, ndipo ndikachiona ndimayang'anabe kumbali. Mwanayo akufunabe kudzakhala ngati atsibweni ake, ngakhale masiku ano homuweki ya Bayoloje imayamba yadutsa kwa ine. Nkhani imeneyo ndinaisiya m'manja mwa Ambuye, akugwira nayo ntchito, ndipo ine si dothi lofewa. Koma pamsika sindinenanso za timbale. Ndikamva wina akuseka anthu ofufuza zinthu zosaoneka ndi maso, ndimamuuza kuti atseke pakamwa, chifukwa zosaonekazo zinandigwetsa pansi ndi benchi paphewa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mpweya. Lamulungu lapitali ndinaimba nyimbo yonse kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza osapumira pakati, ndipo amake Alinafe analira. Ndikuthokoza akazi anga amene anapirira ukali wanga, adokotala ndi anamwino amene sanachedwe, ndi a Kamtedza. Inu amene mukudwala, musatope kupemphera, koma pitaninso kuchipatala, fodya adzakudikirani. Mankhwala a mnzanu ndi a mnzanu, ngakhale matenda anu akuoneka ofanana. Ndipo mukagwada n'kunena kuti Ambuye tumizani aliyense, dziwani kuti Iye amamva mawuwo monga mwawanenera. Akhoza kutumiza munthu amene dzina lake simufuna n'kulimva komwe, ndipo adzabwera atavala suti, n'kugwada m'fumbi chifukwa cha inu. Musamukankhe ngati mmene ndinachitira ine.

Alamu anga Hezekiya, ndikudziwa kuti mlongo wanu akutumizirani zimenezi. Zikomo. Ndanena pagulu, musayembekezere kuti ndidzabwerezanso. Ndikukupemphererani kuti m'timbale mwanumo tsiku lina mutuluke mankhwala, munthu wina ngati ine adzapume. Koma musatukumuke, Bayoloje ndinkakuposani.

Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.